Mpunga woyera sungalemere kuposa wamakoko

Magulu a alimi a mpunga kuno ku Nkhotakota amatitumizira ziwerengero za zokolola zawo m'mafayilo a XML, amene ndi mafayilo a pakompyuta osanja chilichonse pamalo pake. Schema yathu (ndondomeko imene kompyuta imatsata poona ngati fayilo yalembedwa bwino), ya mtundu wa XSD 1.0, inkangoona ngati pamalo pa nambala pali nambaladi, basi. Choncho fayilo yonena kuti mpunga woyera walemera kuposa wamakoko umene unapita kuchigayo inkadutsa bwinobwino. Pa kulemera ena ankalemba matumba, ena makilogalamu, ndipo 03/05 sitinkadziwa ngati ndi Marichi kapena Meyi.

XSD 1.0 siyerekeza zolembedwa m'malo awiri, ndiye ndinawonjezera malamulo a Schematron, njira ina yoonera mafayilo a XML imene imatha kuyerekeza. Woyera usapose wamakoko. Tsiku lokolola lisatsogole lowokera. Masiku atsate ISO 8601, kalembedwe koyamba ndi chaka, kenako mwezi ndi tsiku, monga 2024-05-03, ndipo kulemera konse kukhale m'makilogalamu, poti matumba sadzaza mofanana.

Ntchito yaikulu inali kulemba tanthauzo la malamulowo. Lamulo lililonse ndinalipatsa nambala, chiganizo chimodzi cha Chichewa chofotokoza chifukwa chake, ndi zitsanzo ziwiri, cholondola ndi cholakwika. Chiganizocho n'chimene chimaonekera fayilo ikakanidwa, moti mlembi wa gulu amakonza yekha osatiimbira foni. Malamulo akasintha, timakweza nambala ya chikalata cha malamulowo n'kudziwitsa magulu onse nyengo yokolola isanafike.