Agogo akayamba kuiwalaiwala ndi kusochera

Pa ntchito yanga yoyendera mabanja ku Ndirande, Bangwe ndi Chilobwe, nkhani imene imandisowetsa mtendere ndi ya agogo opezeka m'bandakucha pakhomo pa eni, chitenje chitamasuka, osadziwa kumene achokera. Anthu akangosonkhana, mawu oyamba kutuluka ndi akuti agwa pa lichero. Chonsecho nthawi zambiri agogowo angotuluka m'nyumba ya mwana wawo chapafupi pomwepo, akufuna njira ya kumudzi ku Thyolo kapena ku Chiradzulu, kumene anachokako kalekale.

Awa ndi matenda a ubongo, ndipo achipatala amawatcha dimenshiya. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati anthu oposa 55 miliyoni padziko lonse ali nawo. Ambiri mwa iwo amadwala mtundu wotchedwa Alzheimer, dzina la dokotala wa ku Germany amene anawafotokoza mu 1906, ndipo pa mtundu umenewu ubongo umafota pang'onopang'ono. Ena amayamba chifukwa timitsempha ta magazi ta mu ubongo tawonongeka ndi BP, shuga kapena sitiroko. Sikuti aliyense wokalamba amadwala. Kuiwala pamene munthu anaika mpango n'kwa aliyense. Koma mayi amene waphika nsima zaka 60 akaima ndi mthiko m'manja osadziwa choti achite nawo, kapena akafunsa mdzukulu wake kuti ndiwe mwana wa yani, pamenepo pali matenda.

Choyamba, pitani nawo kuchipatala. Makamaka ngati mutu wasokonekera mwadzidzidzi, m'masiku awiri kapena atatu, musachedwe, chifukwa zimenezi kawirikawiri zimabwera ndi malungo, chibayo, matenda a m'chikhodzodzo, shuga wokwera kapena wotsika, ngakhalenso kuchepa kwa madzi m'thupi, ndipo zonsezi zimachizika. Yambirani pa chipatala cha m'dera lanu, kaya ndi pa Zingwangwa, Limbe kapena Chilomoni, ndipo iwo ndi amene adzakutumizani ku Gulupu, chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, pakafunika kutero. Nyamulani buku lawo la kuchipatala ndi mankhwala onse amene akumwa, azitsamba omwe. Dimenshiya yeniyeni ilibe mankhwala ochiziratu, koma BP ndi shuga zikamayang'aniridwa bwino ubongo suwonongeka mofulumira. Muwapimitsenso maso. Munthu wa ng'ala amaona zithunzithunzi usiku n'kumachita mantha, pamene ng'ala imachotsedwa pa chipatala cha maso cha Lions ku Gulupu komweko.

Tsopano chimene ndimalimbikira kwambiri, chomwenso mabanja ambiri amachikana poyamba: auzeni anthu. Timabisa matendawa chifukwa cha manyazi, ndiye tsiku limene agogo asochera, amene awapezawo sadziwa kalikonse. Pitani kwa amfumu mukafotokoze. Auzeni oyandikana nawo nyumba, amayi ogulitsa tomato pamphambano, anyamata a kabaza pa siteji, achitetezo oyendera usiku, ndi amayi a Mvano kapena a Dorika ngati ndiko mumapemphera. Anyamata a kabaza ndimawatchula dala, chifukwa iwo ndiwo amakhala pamsewu kuyambira m'mamawa, ndipo akawadziwa agogo amangowakweza n'kuwabweretsa. Sokererani kansalu kolembedwa dzina lawo ndi nambala ya foni yanu mkati mwa malaya alionse amene amavala. Kapepala ka m'thumba amataya. Mufoni mwanu mukhale chithunzi chawo cha posachedwapa.

Pachitseko mangani kabelu kapena zitini zoti zizilira chikatseguka usiku. Musawakhomere m'nyumba okha, ndipo musawamange. Moto wa mbaula kapena kandulo ukabuka sangatuluke, komanso munthu womangidwa amalusa kwambiri. M'nyengo ya mvula samalani koposa, poti mitsinje ya Mudi ndi Nasolo ikadzaza imatenga ngakhale munthu wamphamvu zake, ndipo tinjira ta m'mapiri mwathu muno timaterera. Akasowa musadikire kuti kuche. Yambani ndi njira yopita kutchalitchi, kumsika, ndi kumene minibasi zopita kwawo zimakwerera.

Dzuwa likamapendeka ndi pamene ambiri amasowa mtendere. Amamanga katundu wawo n'kunena kuti ndikupita kwathu, ana akundidikira. Musatsutsane nawo, pakuti simungapambane, ndipo mumangowawonjezera mantha. Nenani kuti chabwino amayi, timwe tiyi kaye, kenaka afunseni za kwawoko, za munda, za mtsinje umene ankatungako madzi. Zakale zimakhalabe m'mutu nthawi yaitali ngakhale za m'mawa womwewo zitafufutika. Apatseni lichero la nyemba asankhe, kapena chimanga atong'ole. Nyimbo za kutchalitchi zimene ankaimba ali mtsikana amaziimba mpaka kumapeto, ngakhale amene aiwala mayina a ana awo. Akafunsa za amuna awo amene anamwalira kale, musawauze za malirowo mobwerezabwereza, chifukwa ulendo uliwonse amalira ngati akumva koyamba.

Adzanenanso kuti mwawabera ndalama, ndipo kawirikawiri amaloza apongozi kapena mdzukulu. Iwo abisa okha n'kuiwala. Athandizeni kufufuza, ndipo phunzirani malo amene amakonda kubisamo, monga pansi pa mphasa kapena pamfundo ya chitenje. Banja lisapasuke chifukwa cha mawu amenewa.

Pali chinthu china choopsa chimene muyenera kuchidziwa. Munthu wodwala chotere amavomera chilichonse akapanikizidwa ndi mafunso. Gulu likamuzungulira n'kumafunsa kuti ndinu mfiti eti, amayankha kuti eya, mwina n'kutchulanso mayina a anzake, ndipo anthu amati waulula. Tonse tikukumbukira za ku Neno mu Januwale 2016, pamene okalamba anayi anaphedwa powaganizira kuti ndiwo anatumiza mphenzi imene inapha mtsikana. Lamulo la za ufiti la mu 1911 likugwirabe ntchito, ndipo kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomerezanso lamulo loteteza anthu achikulire. Mukamva manong'onong'o okhudza agogo anu, kanenani msanga kwa amfumu ndi ku ofesi ya Victim Support ya kupolisi. Bungwe la MANEPO, limene limaimira mabungwe a anthu achikulire, nalonso limatsatira nkhani zotere.

Wosamalira naye ndi munthu. M'nyumba zambiri ntchito yonseyi imagwera mwana wamkazi mmodzi, amene amasiya geni yake, osagona usiku, mpaka naye BP imakwera. Munthu wotopa amakalipa, nthawi zina mpaka kumenya, ngakhale amawakonda amayi ake. Khalani pansi apachibale mugawane masiku. Amene ali ku Lilongwe kapena ku Joni atumize ndalama ya sopo, matewera a akulu ndi thiransipoti yopitira kuchipatala, ndipo wina wa pafupi azibwera ngakhale Loweruka lokha kuti mlongo wanuyo agone tulo. Koma agogowo musawasamutsesamutse nyumba mwezi ndi mwezi, chifukwa malo achilendo amawasokoneza kwambiri. Osamalirawo ndiwo azisinthana, agogo akhale pomwe anazolowera.