Mwana wanu akayamba mafizo: zimene mukaone

Amayi ambiri amene ndimawatumiza ku mafizo (masewera a kuchipatala othandiza ziwalo kugwira ntchito) ndi ana awo ochedwa kukhala kapena kuyenda amabwerako tsiku loyamba nkhope zitagwa. Amati: "Sanamubaye jakisoni, ngakhale mapiritsi sanatipatse, amangosewera naye pa matiresi." Kuno ku Mangochi, munthu walipira kabaza kuchokera ku Chilipa, wina wakwera matola kutsika ku Namwera, ndiye akaona zimenezi amati ndalama zapita m'madzi, ulendo wachiwiri sapitanso. Zimandiwawa, chifukwa mwanayo amakhala wasiyidwa pomwe thandizo limayamba.

Mwana akachedwa kulimba khosi, kukhala, kukwawa kapena kuyenda, kawirikawiri vuto silikhala m'miyendo. Limakhala mu ubongo, umene umalamula minofu. Ubongowo umatha kuvulala pobadwa, makamaka mwana akachedwa kulira, pena ndi chikasu champhamvu m'masiku oyamba, pena ndi matenda oumitsa khosi. Ndipo kuno kunyanja kumene udzudzu sutha, timaona ana amene ankathamanga bwinobwino, adwala malungo a mu ubongo, atsitsimuka, koma dzanja kapena mwendo sukugwiranso. Jakisoni wobwezera zimene zinawonongekazo kulibe. Koma ubongo wa mwana ndi wanthete, ndipo akamachita chinthu chomwecho tsiku ndi tsiku, umapeza njira zina. Mafizo ndi zimenezo. Inu mayi, pamudzi adzanena zambiri, za ufiti, za kukhwima, zoti munaphwanya mwambo muli oyembekezera. Simunalakwe kanthu.

Tsiku loyamba tengani buku la kuchipatala la mwana. Mafunso adzachuluka: mimba inayenda bwanji, anabadwira kuti, analira msanga, amakomoka, amatsamwa akamadya? Yankhani zoona, ngakhale zakuti munayamba mwapita kwa asing'anga. Ngati amene watenga mwana ndi agogo ndipo amamasuka m'Chiyao, anene, apeze womasulira. Kenako a mafizo adzamugoneka mwana chafufumimba, kumutembenuza, kupinda ndi kuwongola miyendo, kumusonyeza chidole kuti aone ngati akuchitsata ndi maso. Adzalira. Malo ndi achilendo, manja ndi achilendo. Kulira kumeneku kokha si chizindikiro chakuti akumupweteka.

Tsono apa mvetsani. Amene akuphunzitsidwa kwenikweni tsiku limenelo ndi inu. A mafizo amamuona mwana kanthawi kochepa, inu mumakhala naye usana ndi usiku. Musangoonerera muli pa benchi. Gwadani pansi, mugwire mwanayo nokha iwo akuona, akukonzeni. Mukaiwala funsani kawiri, katatu, palibe chochititsa manyazi.

Kunyumba sipafunika zipangizo zodula. Beseni lalikulu loyalamo zitenje limamuthandiza kukhala. Chitenje chokulunga, choika pansi pa chifuwa atagona chafufumimba, chimamukopa kudzutsa mutu, makamaka mkulu wake akamamuimbira ali kutsogolo. Nsungwi ziwiri zokhoma bwino pabwalo zimakhala pogwira akayamba kuponya phazi. Koma chilichonse mwa izi yambani mwafunsa ngati chikumuyenera, pakuti mwana wolobodoka ndi mwana wouma ziwalo sasamalidwa mofanana. Chitani pang'onopang'ono kangapo pa tsiku, pomusambitsa, pomuveka, osati kamodzi mpaka mwana kulefuka. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, ndi kutentha kwathu kuno, m'mawa ndi madzulo ndiye nthawi yabwino. Mwendo wouma musaukoke mwamphamvu. Uwongoleni mofatsa, pamene wakana imani pomwepo. Mukaona kutupa kapena mwana akulira mosiyana ndi masiku onse, lekani mukafunse.

Kadyedwe ndimakanenetsa. Musamudyetse atagona chagada kapena khosi litapendekera kumbuyo, chifukwa phala limatha kulowera ku mapapo n'kuyambitsa chibayo. Akhale tsonga, mutu woongoka, supuni pang'onopang'ono. Ngati amamwa mankhwala a khunyu, mafizo salowa m'malo mwa mankhwalawo, apitirize. Neti nayonso usiku uliwonse.

Nanga adzayenda liti? Funso limeneli kholo lililonse limafunsa, ndipo wa mafizo woona mtima sangakupatseni tsiku. Ena amadzayenda okha, ena ndi ndodo, ena adzafuna njinga ya olumala moyo wawo wonse, ndipo kukubisirani zimenezi sikungakhale kukukondani. Komabe ngakhale amene sadzayenda amapindula: mfundo zake sizikungana n'kuumiratu, amadya osatsamwa, amakhala pamkeka ndi anzake m'malo mogona m'nyumba yekha. Zosintha zimabwera m'miyezi, osati m'masabata, ndipo zimakhala zing'onozing'ono moti mlendo sangazione. Lero wadzutsa mutu kanthawi, mwezi wamawa watambasula zala n'kugwira chikho. Ngati muli ndi foni yojambula, mujambuleni mwezi uliwonse. Tsiku limene mtima wafooka mudzaonera m'menemo kumene mwachokera.

Abambo, mwana wa zaka 4 kumubereka kumsana mpaka pa boma si ntchito ya munthu mmodzi. Mukatsika m'bwato, mutengeni nanunso mumuchititse zimene mayi ake aphunzira. Amene muli ku Joni, potumiza ndalama patulani ya ulendo wa ku mafizo, ndipo muziitchula.

Nthawi ya dzinja msewu wa ku Makanjira ukavuta, kapena ya thiransipoti ikasowa, tsiku lidzakudutsani. Musachite manyazi n'kusiyiratu. Pitirizani kunyumba, uzani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu, ndipo mukapitanso funsani ngati pali tsiku limene a mafizo amafika pa chipatala chaching'ono chapafupi ndi inu.