Magiredi oyamba anali oipa, udokotala ungatheke?

Mwafunsa ngati mungapemphe malo kusukulu ya udokotala pomwe zaka ziwiri zoyamba ku yunivesite simunakhoze bwino. Zimatheka ndithu, bola mulimbikire.

Choyamba katengeni transcript yanu (chikalata chosonyeza magiredi anu onse) muwerengere GPA (avareji ya magiredi) yonse, kenako ya sayansi payokha, biology, chemistry, physics ndi masamu, poti apa ndi pomwe osankha ophunzira amayang'anitsitsa.

Kenako bwerezani makosi amene munagwa, ngati digiri munamaliza kale chitani post-bacc (makosi owonjezera a omaliza digiri) kapena masters ya sayansi. Chomwe akufuna kuona n'choti magiredi akukwera, munthu woyamba ndi ma C n'kumaliza ndi ma A motsatizana amawapatsa chikhulupiriro, ndiye semesita iliyonse yatsalayi musaiseweretse ayi.

Mayeso olowera, monga MCAT ku America ndi Canada kapena GAMSAT ku Australia, musawathamangire, lembani mutakonzeka.

Pezaninso mpata wothandiza kuchipatala, ndipo aphunzitsi amene anakuonani mukusintha ndi amene akulembereni kalata yokuchitirani umboni.

Mu kalata yanu yopempha malo nenani zomwe zinachitika mwachidule, matenda kaya maliro, osadandaula. Musanalipire fomu onani malire a GPA a sukulu iliyonse, zina zimawerengera kwambiri zaka zomaliza.