Momwe mungasinthire alternator ya galimoto yanu pakhomo

Kachizindikiro kofiira ka batire kakayaka pa dashibodi injini ikulira, ambiri amathamangira kukagula batire yatsopano. Pakatha masiku atatu, uyo wazimikiridwanso pa Chinamwali, anyamata akukankha. Kawirikawiri wolakwa amakhala alternator, chipangizo chimene chimatchaja batire galimoto ikamayenda.

Musanamasule kanthu, yezani. Bwerekani multimeter, kachipangizo koyezera magetsi, ngati mulibe. Injini ili yozima, batire yabwino imaonetsa 12.4 mpaka 12.6 volts. Mukailiza, nambala iyenera kukwera kufika pakati pa 13.8 ndi 14.5. Ikakhalabe pa 12, kapena ikamatsika mukayatsa nyali, ndiye kuti alternator sikutchaja. Onaninso lamba wozungulitsa alternator ngati sanaduke kapena kukhwepa, komanso fyuzi yaikulu. Ndipo chonde, chizolowezi chozula waya wa batire injini ikulira n'cholinga choyesa alternator chisiyeni. Pa galimoto zamakono zimenezi zikhoza kuotcha kompyuta, ndipo mtengo wake mulira nawo.

Zida zake si zambiri: masipanala kapena masoketi a 10, 12 ndi 14, kachitsulo kokanulira, nsanza ndi foni. Imikani galimoto pamalo athyathyathya, kokani handibuleki, dikirani injini izizire.

Choyamba, chotsani waya wa negative pa batire, uja wa chizindikiro cha (-), n'kumukankhira kutali. Apa musanyozere. Waya wonenepa wopita ku alternator amakhala ndi moto nthawi zonse ngakhale kiyi ali m'thumba, ndipo sipanala ikangogunda chitsulo mumva kuti thu! Wotchi ndi mphete vulaniretu.

Jambulani ndi foni mmene lamba wadutsira m'mapule. Mudzandithokoza nthawi yobwezera. Kenako kumbuyo kwa alternator vundukulani kachipewa ka labala, masulani nati ya waya wonenepa uja, n'kuzula pulagi mutadinikiza kaloko kake. Pulasitiki ya pamenepo imakhala itauma ndi kutentha, ndiye osaikoka ndi mawaya.

Tsopano lamba. Pa injini ya 1NZ, imene ili m'ma Probox ndi ma Sienta ambiri amene akuyenda mu Zomba muno, alternator yomweyo ndiyo imakunga lamba. Khwefulani bawuti yapansi ndi yapamwamba, ikankhireni cha ku injini, lamba atuluka yekha. Injini zina zili ndi tensioner ya sipuling'i, chipangizo chokunga lamba: mumaikankha ndi sipanala yaitali, lamba n'kumasuka. Mukatero chotsani mabawuti onse. Alternator ikakakamira, igwedezeni uku ndi uku, kapena ikanuleni pang'onopang'ono. Hamala ayi.

Ine ndimati musagule ina musanatulutse yakaleyo. Itengeni m'thumba mupite nayo, kaya ndi m'tauni momwemo kaya ku Limbe kumene kuli zipangizo zambiri za kaunjika. Ziikeni pamodzi pa kauntala: mabowo a mabawuti afanane, mizere ya pa pule ikhale yofanana, pulagi ikhale ya mano omwewo, ndipo ma amps olembedwa pa kapepala asachepere akalewo. Ndinagulapo ina yooneka ndendende, koma pofika kunyumba pulagi inali ya mano atatu pamene yanga ndi ya anayi. Thiransipoti inapita pachabe. Ndi bwinonso kuionetsa kaye kwa wa zamagetsi a galimoto, chifukwa nthawi zina amakhala mabulashi okha a mkati mwake atatha kapena regulator, kachipangizo kowongolera mphamvu ya magetsi, zinthu zotsika mtengo kuposa alternator yonse.

Kubwezera n'kungobwerera m'mapazi momwemo. Lowetsani mabawuti ndi dzanja kaye, osamangitsa. Ikani lamba motsatira chithunzi chija, muonetsetse kuti wakhala m'mizere yonse ya pule. Ngati lamba wachita ming'alu, sinthiranitu lero.

Pokunga ndiye pamene pamalakwika ambiri. Kanulirani alternator kunja, mangani bawuti yapamwamba, kenako dinikizani lamba ndi chala chachikulu pakati pa mapule awiri. Alowe pafupifupi sentimita imodzi. Akakhwepa amalira tswii m'mawa ndipo satchaja bwino. Akakungika kwambiri amapha mabering'i a alternator yatsopanoyo. Mangitsani yapansi, lumikizani pulagi ndi waya wonenepa, waya wa negative pomalizira.

Lizani injini. Kofiira kaja kazime, multimeter ionetse pafupifupi 14. Yatsani nyali, fani ndi mawaipa nthawi imodzi, ngati mmene zimakhalira mukamatsika ku Ku Chawe madzulo mvula ikugwa, ndipo nambala isatsike kufika pansi pa 13. Ngati batire inaphweratu, kaitchajitseni kaye pamagetsi musanaiyendere. Mukayenda sabata imodzi, tsegulaninso boneti mudinikize lamba uja, chifukwa watsopano amatamuka pang'ono.