Kambozi kaubweya kamene kamaboola nandolo wathu

Alimi a nandolo ku Moatize, Tsangano ndi Angónia m'chigawo cha Tete ku Mozambique, mukamayendera munda nandolo atayamba maluwa, gwedezani nthambi pang'ono. Mukaona kagulugufe kofiirira, kamiyendo yaitali ngati udzudzu, katauluka n'kukatera patsamba mapiko atatambasula ngati chilembo cha T, dziwani kuti mdani wafika. Akatswiri amakatchula Exelastis atomosa. Mapiko ake ndi ong'ambika ngati nthenga: akutsogolo pawiri, akumbuyo patatu. Kamapezeka m'maiko ambiri a mu Africa mpaka ku India, komwenso nandolo wathu amakagulitsidwa.

Kagulugufeko sikawononga mbewu. Koopsa ndi kambozi kake. Mayi amaikira mazira limodzilimodzi pamaluwa ndi pamakoko anthete. Kambozi kakaswa kamakhala kobiriwira, kena kofiirira, kaubweya waufupi, kutalika kwake pafupifupi sentimita imodzi kakakula. Mtundu wake umafanana ndi khoko, n'chifukwa chake ambiri mumangokadutsa. Kamaboola kabowo kakang'ono n'kumadya njere, maluwa ena n'kuyoyoka asanabereke. Nkhungudzu nazonso kamadya, choncho amene munabzala nkhungudzu m'mphepete mwa nandolo muziyang'ana mbewu zonse ziwiri.

Ubwino wake, kambozika kakakhuta sikalowa m'nthaka ngati mbozi yaikulu ija yoboola makoko. Kamadzimata pakhoko pomwepo kudikira kusanduka gulugufe, ubweya uli mbuu. Pamunda waung'ono wapakhomo, dzanja limakwana: tolani, phwanyani. Ana akaweruka kusukulu angathandize, bola muwaonetse kaye kamodzi.

Yenderani munda kawiri pa sabata kuyambira maluwa oyamba, m'mawa dzuwa lisanakwere. Musamangoona m'mphepete, lowani mpaka pakati. Mukapeza tambiri, sinjani njere za nimu kapena masamba a ombwe, viikani usiku wonse, sefani ndi nsalu, thiranimo kasopo pang'ono, ndipo poperani madzulo njuchi zitachoka pamaluwa.

Za mankhwala ogula ndinene mosabisa: aja a m'mabotolo opanda chizindikiro, ogulitsidwa pamsika, asiyeni. Ndaonapo mlimi atapopera masana dzuwa lili pamutu, maluwa n'kupserera, mbozi zili phee m'makoko. Fikani kaye kwa mlangizi wanu kapena ku ofesi ya SDAE, yoona za ulimi ndi ntchito zachuma m'boma lanu, mutatenga makoko angapo oboola m'kapepala, mukaone nawo limodzi ngati ndi kameneka kapena mbozi ina. Ndipo nandolo wopopera mankhwala ogula musathyole wandiwo masiku olembedwa pabotolo asanakwane.