Musanalowe ntchito m'nyumba ya Ahindu ku Durban, imvani izi

Abale anga amene mukubwera ku Durban kudzafuna ntchito za m'nyumba, za m'gadeni kapena za m'shopu, ambiri mwa inu mabwana anu adzakhala Amwenye. Ku Chatsworth, Phoenix, Verulam, Tongaat ndi Reservoir Hills ndiko kuli ntchito zathu. Ndiye chotsani m'mutu maganizo amene tinachoka nawo kumudzi, akuti Mmwenye aliyense ndi Msilamu. Kuno gulu lalikulu ndi Ahindu, ena ndi Akhristu, ena ndi Asilamu. Nyumba ya Mhindu ili ndi malamulo ake, ndipo mukapanda kuwadziwa mukhoza kuchotsedwa ntchito sabata isanathe.

Za mapepala sindichedwapo. Pa boda amakudindirani masiku 30, mukapitirira amakuletsani kulowanso kwa nthawi, ndipo chilolezo cha ntchito chimachokera ku Home Affairs, unduna wa za m'dziko. Izo aliyense akuuzani. Chimene sakuuzani ndi khalidwe la madobadoba opezera anthu ntchito.

Amene anatipezera ntchito ine ndi mayi a kunyumba anali Mmalawi mnzathu, wolankhula Chichewa chokoma, wotchula Mulungu pa mawu aliwonse. Anatenga ndalama ya ukhalapakati, natenganso mapasipoti athu ponena kuti ndi chikole cha ngongole ya thiransipoti. Tinamufunsa ndithu kuti, “Achimwene, anthuwa amadana ndi chiyani?” Iye anati, “Amwenye onse n'chimodzimodzi, musangolowetsa nkhumba basi.” Pamene kwa dona anali atanena kuti ife tinagwirapo kale ntchito kwa Ahindu, timadziwa zonse, ndipo nyama sitidya. Dona anali atamuwerengera malamulo a nyumbayo limodzilimodzi kuti adzatiuze. Sanatiuze ngakhale limodzi.

Unali mwezi wa Purtassi, pamene Ahindu a Chitamil amasala nyama kuyambira pakati pa Seputembala mpaka pakati pa Okutobala. Mayi a kunyumba anagula nyama ya ng'ombe, nabwereka poto wa kukhitchini, naphikira kuchipinda chathu cha kuseri. Fungo litafika kunyumba yaikulu, gogo wa pakhomopo anatuluka akunjenjemera. Sanatukwane. Anangonyamula potoyo ndi nsalu, osafuna kumukhudza, nakamusiya kunja kwa geti, misozi ili mbwembwembwe. Madzulo ake katundu wathu anali panja. Titafunsa za malipiro, bwana anatisonyeza pa foni kuti ndalama ya mwezi woyamba anatumiza kale kwa dobadoba uja, monga mwa pangano limene ife sitinalimvepo n'komwe.

Tinamuimbira, osayankha. Tsiku limene ndinamupeza anandiuza kuti ndiyamike Mulungu kuti tatulukamo amoyo, chifukwa nyumba imene ija ndi ya okhwima, mbendera zofiira zili pakhomo zija ndi za magazi a antchito. Kenaka anati ali ndi nyumba ina yabwino, koma tilipirenso, apo ayi mapasipoti sitiwaona. Sabata yomweyo anali atalowetsa mtsikana wina wa kwathu m'nyumba ya “okhwima” yomweyo. Mwaiona bizinesi yake? Ukalowa amadya, ukachotsedwa amadyanso, ndipo mantha ako pa chipembedzo cha eni nyumba ndiwo munda wake. Mpaka lero ndikakumbukira mayi a ana anga atakhala pa chikwama m'mphepete mwa msewu usiku uja, mtima umandiwawa. Pasipoti yanu musapatse munthu, ngakhale akhale wa mpingo wanu. Malipiro azilowa m'manja mwanu. Ndipo malamulo a nyumba mukawamve pakamwa pa dona mwiniwake, tsiku loyamba, musanatsitse chikwama.

Tsono chipembedzochi n'chotani? Ndinachita kufunsa kwa mabwana amene ndinawapeza pambuyo pake, ndipo Mhindu ukamufunsa mwaulemu amakondwa kufotokoza. Chihindu chinayambira ku India, ndipo chilibe munthu mmodzi amene anachiyambitsa. Chinakula pang'onopang'ono. Malemba ake akale kwambiri ndi Veda, m'chinenero cha Sanskrit, ndipo loyamba, Rigveda, lili ndi zaka zoposa 3,000. Pambuyo pake kunabwera Upanishad, kenaka nkhani zazitali za Ramayana ndi Mahabharata. M'kati mwa Mahabharata ndimo muli Bhagavad Gita, buku limene mudzalione pafupi ndi nyali m'nyumba zambiri. Musaliike pansi pokolopa, musaikepo kapu ya tiyi.

Ambiri amakhulupirira kuti pali Wamkulu mmodzi, Brahman, amene ali m'zonse, ndipo milungu imene mukuiona pa zithunzi ndi nkhope zake zosiyanasiyana: Vishnu wosunga dziko, Shiva, Lakshmi wa chuma ndi mwayi, Ganesha wa mutu wa njovu amene amamupempha poyamba chinthu chatsopano, Hanuman wa nkhope ya nyani. Amati mzimu wa munthu sufa, umabadwanso m'thupi lina, ndipo zimene wachita m'moyo uno, karma, n'zimene zimakonza moyo wotsatirawo. Munthu ayenera kusunga dharma, udindo wake kwa makolo, kwa banja ndi kwa anthu, mpaka mzimu udzamasuke osabadwanso, kumene amati moksha. Poti mzimu uli m'zamoyo zonse, kupha ndi chinthu cholemera kwa iwo, ndipo ng'ombe amailemekeza ngati mayi chifukwa imayamwitsa anthu. Mukamvetsa apa, misozi ya gogo uja mwaimvetsa.

Sindikunena kuti mukhulupirire. Ine ndine Mkhristu ndipo Lamulungu lililonse ndimapita kutchalitchi. Ndikunena kuti mudziwe kumene mwaponda.

Dziwaninso kuti anthuwa anafika kuno movutika. Sitima yoyamba, Truro, inakocheza pa Durban mu Novembala 1860 kuchokera ku Madras, itanyamula anthu odzalima nzimbe pa kontilakiti ya zaka zisanu. Pofika 1911 anali atabwera oposa 150,000. Nthawi ya tsankho, lamulo la Group Areas Act la 1950 linawasamutsa m'malo ngati Cato Manor n'kukawaunjika ku Chatsworth ndi Phoenix. Ambiri anachokera kum'mwera kwa India, olankhula Chitamil ndi Chitelugu, ena kumpoto, olankhula Chihindi, ndipo amalonda a Chigujarati anadzilipirira okha ulendo. N'chifukwa chake miyambo imasiyana khomo ndi khomo. Zimene munaphunzira kwa dona wa ku Phoenix musapite nazo kwa dona wa ku Verulam ngati kuti ndi lamulo. Funsaninso.

Kachipinda kapena kangodya kopempherera ndiko mtima wa nyumba. Pamakhala nyali yamkuwa yoyatsa ndi mafuta, zithunzi, maluwa, lubani, nthochi ndi mkaka. Nsapato musalowe nazo. Nyaliyo musaizimitse, ngakhale mukuona ngati ikungotha mafuta masana. Musapukute, musasunthe kanthu musanauzidwe. Nthochi zili pamenepo si zotsala, musadye. Achemwali, m'nyumba zina mkazi akakhala kumwezi safika pamalopo ndipo sagwira ziwiya zopempherera. Ndikudziwa kuti n'zochititsa manyazi kukamba ndi dona, koma funsani mwakachetechete, iye sadabwa nazo.

Inu achimwene a m'gadeni, tcherani khutu. Pali kamtengo kofanana ndi mpungabwi, amakatcha tulsi, nthawi zambiri kamakhala mum'phika pafupi ndi khomo. Si udzu, musazule, musasadze. Mbendera zofiira zili pa nsungwi pakona ya bwalo amati jhanda, amaziimika akachita mapemphero a Hanuman. Zikathetheka ndi dzuwa musazitaye ku bini kuti mukongoletse pakhomo. Eni ake akudziwa nthawi yozisintha. Zimenezi ndiye dobadoba uja ankati ndi za magazi a antchito! Bodza la mtundu umenewu lathawitsa atsikana athu pa ntchito zabwino, n'kukagwera m'manja oipa.

Kukhitchini ndiko anthu athu amagwa kwambiri. Ng'ombe isalowe pageti, ngakhale ya m'chitini, ngakhale soseji. Nyumba zambiri nkhumbanso ayi. Ena amadya nkhuku, nkhosa ndi nsomba koma ali ndi masiku osala, monga Lolemba kapena Lachiwiri. Ena sadya nyama ngakhale dzira chaka chonse. Mapoto a nyama ndi a masamba amasiyanitsa, mipeni ndi zipande zomwe. Musalawe ndiwo ndi chipande n'kuchibwezera mu poto. Gulani poto wanu, ndi wotchipa kuposa kusowa pogona. Mukalakalaka ng'ombe, kadyereni kwa anzanu tsiku la ofu.

Pa Diwali, chikondwerero cha nyali cha mu Okutobala kapena Novembala, ntchito imachuluka: kukolopa paliponse, kuphika zotsekemera, kuyatsa tinyali tadothi, usiku makombola. Gwirizanani za maola owonjezera zisanayambe. Pa Kavady, cha mu Januwale kapena Febuluwale, mudzaona anthu atabaya masaya ndi lilime ndi tizitsulo polemekeza mulungu wawo Murugan. Musakuwe, musajambule n'kumatumiza pa WhatsApp ndi mawu achipongwe, mwana wa bwana adzaziona. Mabanja ena a Chitamil amapha nkhuku kapena mbuzi pa mapemphero a mulungu wamkazi Mariamman, monga momwe makolo athu ankathirira nsembe, ndipo nyamayo imaphikidwa n'kudyedwa ndi alendo. Akakupatsani prasad, chakudya chimene chaperekedwa kaye kwa milungu, landirani ndi dzanja lamanja. Ngati chikhulupiriro chanu sichilola, nenani mwaulemu musanalandire. Kulandira n'kukataya ku bini ndiye chipongwe chenicheni. Pakagwa maliro, mtembo amautentha, kawirikawiri mwamsanga, ndipo pakhomo pamakhala masiku osadya nyama mpaka mwambo wotsiriza. Musayambe kufunsa kuti bwanji osamukumbira manda. Ndipo chonde, musalalikire gogo wa pakhomo kuti akupembedza mafano. Munabwera kudzagwira ntchito.

Koma kulemekeza chipembedzo cha bwana si kugulitsa ufulu wanu. Mabwana a nkhanza alipo pakati pa Ahindu monga alili pakati pa anthu ena onse, ndipo nyali yoyaka m'nyumba sikutanthauza kuti malipiro abwera okwanira. Palibe amene ayenera kukukakamizani kugwada pa mapemphero ake kapena kukuletsani kupita kutchalitchi kapena kumzikiti pa tsiku lanu lopuma. Malipiro ochepetsetsa a boma amakhudzanso antchito a m'nyumba. Mu Malichi 2024 anali R27.58 pa ola, ndipo amakwera chaka ndi chaka. Lembani m'kabuku tsiku limene mwayamba, maola anu ndi ndalama iliyonse imene mwalandira. Akakuchotsani popanda chifukwa, pitani ku CCMA, bungwe loweruza milandu ya ntchito, pasanathe masiku 30, kabukuko kali m'manja.