Mmene mungayezere ngati mumadziona kuti ndinu ofunika

Pali ziganizo 10 zimene anakonza katswiri wina wa ku America, Morris Rosenberg, mu 1965, zilipo pa intaneti ndipo akatswiri a maganizo amazigwiritsabe ntchito. Khalani panokha, osati mutangokangana ndi abwana ayi, ndipo yankhani zoona, palibe akukuchongani. Pa chiganizo chilichonse sankhani chimodzi: ndikuvomereza kwambiri, ndikuvomereza, ndikukana, ndikukana kwambiri, mamakisi ake ndi 3, 2, 1, 0. Koma apa mpomwe ambiri amasokonezeka, ziganizo 5 ndi zodzinyoza, monga choti nthawi zina mumadziona wachabechabe, pamenepo mamakisi mumawatembenuza, kukana kwambiri ndiye 3. Kenako phatikizani, onse amakwana 30. Mukapeza osafika 15 ndiye kuti mumadziderera, si matenda ayi koma ndi bwino kukacheza ndi mlangizi.